Mphaka woyenda ndi zidendene akayezedwe shuga

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga oweta amphaka za matenda a shuga. Ambirife timawadziwa ngati matenda a anthu, koma ndi ochepa amene akudziwa kuti mphaka nayenso amadwala shuga, ndiponso kuti matendawa akalekereredwa amamufooketsa miyendo yakumbuyo mpaka kulephera kukwera pampando. Mphaka wotere anthu amamuweruza msanga. Ena amati wakalamba, ena amati wamenyedwa pamsana, ndipo ena, poti mphaka ndi nyama imene kuyambira kale imaganiziridwa zaufiti, amangomupirikitsa pakhomo, chonsecho chithandizo chake chilipo.

Mphaka wabwinobwino amayendera zala, chidendene chili m'mwamba, n'chifukwa chake khoswe samumva akamabwera. Shuga akachuluka m'magazi kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha imene imalamulira miyendo, ndipo chidendene chija chimatsika n'kumagunda pansi. Wanga atafika pamenepa ndinkamumva akuyenda pasimenti usiku, kunsi kwa zidendene ubweya unali utaperepeseka, ndipo ankati akayenda pang'ono n'kukhala pansi kuti apume. Komatu vuto la miyendoli limabwera pambuyo. Zizindikiro zoyamba ndi ludzu losatha, moti mumamupeza akumwa m'ndowa kapena m'beseni la kubafa, kukodza pafupipafupi, ndiponso kuwonda pamene akudya kuposa kale. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi amphaka onenepa, achikulire, aamuna ofulidwa komanso ongokhala m'nyumba osathamanga, ndipo shuga wawo nthawi zambiri amafanana ndi wa mtundu wachiwiri amene amavuta anthu akuluakulu.

Wotsimikiza matendawa ndi dokotala wa ziweto, kaya kuchipatala cha bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe kapena kulikonse kumene kuli dokotala wodziwa agalu ndi amphaka. Kuyeza magazi kamodzi kokha kukhoza kunamiza, chifukwa mphaka akachita mantha ndi ulendo shuga wake amakwera ngakhale asakudwala. Dokotala wosamala amayezanso mkodzo, ndipo kumene zipangizo zilipo amayeza fructosamine, imene imasonyeza mmene shuga wakhalira m'masabata awiri kapena atatu apitawo.

Chithandizo chodalirika ndi jakisoni wa insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, amene kawirikawiri amabayidwa kawiri patsiku motalikirana maola 12. Anthu amaopa kubaya chiweto chawo, koma singano yake ndi yaing'ono kwambiri. Mumatsina khungu la m'mbali mwa thupi n'kulikweza pang'ono, n'kubaya pansi pake mphaka akudya, ndipo nthawi zambiri satembenuka n'komwe. Choopsa chenicheni chili pa muyezo. Insulini wa ziweto monga Caninsulin ali ndi mayunitsi 40 pa mililita imodzi, pamene wa anthu monga glargine, amenenso madokotala amalembera amphaka, ali ndi mayunitsi 100. Aliyense ali ndi sirinji yake, ndipo munthu akakoka insulini wa 100 ndi sirinji ya 40, mphaka amalandira mlingo woposa woyenera kawiri ndi theka. Pachifukwa chomwechi, si bwino kutenga mankhwala a wachibale wodwala shuga n'kumayerekeza nokha.

Kusunga insulini ndi nkhani ina kwathu kuno. Amafunika kukhala m'firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, koma asaume kukhala ayezi chifukwa akauma amatha mphamvu. Magetsi akazima, firiji isamatsegulidwe pafupipafupi, ndipo kumene kulibe firiji, kabotolo kotsekedwa bwino kakhoza kusungidwa mumtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi, mutakambirana ndi dokotala za nthawi imene kangagwire ntchito.

Woweta aliyense adziwenso zizindikiro za shuga wotsika kwambiri, chifukwa ameneyu amapha msanga kusiyana ndi wokwera. Mphaka akayamba kudzandira, kunjenjemera kapena kukomoka pambuyo pa jakisoni, mupakeni uchi kapena shuga wosungunula m'nkhama, osamuthira madzi kukhosi, ndipo thamangani naye kwa dokotala. Ngati wakana chakudya kapena akusanza, musamubaye mlingo wonse musanafunse.

Pa chakudya ndi pamene ambirife tiyenera kusintha. M'makomo ambiri mphaka amadya mkute wa nsima wosakaniza ndi msuzi kapena mitu ya usipa, ndipo m'tauni ena amamusiyira mbale yodzaza chakudya chouma cha m'mapaketi tsiku lonse. Mphaka analengedwa wodya nyama, ndipo nsima, mpunga, buledi ndi phala zimakweza shuga wa wodwalayo. Amafunika nyama, nkhuku, nsomba zopanda mchere kapena chakudya cha amphaka cha m'zitini, pa nthawi zofanana tsiku ndi tsiku. Kusinthaku dokotala akudziwe, chifukwa chakudya chikasintha mlingo wa insulini ungafunike kutsika. Wonenepa achepetsedwe thupi pang'onopang'ono, popeza mphaka wonenepa akakhala masiku osadya chiwindi chake chimadzaza mafuta n'kuwonongeka.

Pa za miyendo, ndikuchonderera kwambiri kuti mphaka asapatsidwe Panado kapena mankhwala alionse okhala ndi paracetamol. Timawakhulupirira pa ululu uliwonse, koma chiwindi cha mphaka sichitha kuwasungunula, ndipo piritsi limodzi likhoza kumupha. Brufen nayenso amamuwononga impso. Chimene chimachiritsa mitsempha ija ndi kutsitsa shuga n'kumusunga pamlingo wabwino. Podikira kuti mphamvu zibwerere, yalani masaka kapena mkeka pamene simenti ndi yoterera, mupatseni chodzithandiziramo cha milomo yaifupi kuti asavutike kulowa, ikani madzi ndi chakudya pansi pafupi ndi pogona pake, ndipo muikireni kabokosi kopondapo ngati amakonda kugona pamalo okwera. Aziyendabe pang'ono tsiku lililonse kuti minofu isafote, koma usiku agone m'nyumba, chifukwa mphaka wosatha kukwera mumtengo sangathawe galu. Zidendene ziziyang'anidwa kuti zisachite zilonda. Kusintha kumatenga masabata kapena miyezi, ndipo ambiri amayambanso kuyendera zala. Ena amene athandizidwa msanga amafika posiya jakisoni, ngakhale amafunikabe kuyezedwa chifukwa shuga amatha kubwereranso.

Ndikudziwa kuti insulini, masirinji ndi nyama zimafuna ndalama, ndipo pakhomo pamene anthu akuvutika kupeza mankhwala awo, si aliyense angakwanitse. Koma kupewa n'kotheka kwa aliyense, pakusamunenepetsa mphaka ndi kumulola kuthamanga. Ndikupempha a nthambi yoona za umoyo wa ziweto ndi alangizi awo kuti pamene akupereka katemera wa chiwewe aziuzako anthu zizindikiro zimenezi. Inunso, Akonzi, tipatseniko danga m'nyuzipepala muno loti madokotala a ziweto, kuphatikizapo aphunzitsi a ku Bunda, aziyankha mafunso a oweta agalu ndi amphaka m'Chichewa.

Ine wowerenga wanu,
Woweta amphaka, Lilongwe