Lipoti la msonkhano wa kuboma wokambirana za ana osungidwa kunja kwa makolo awo

Amayi apampando, a Gulupu, ndi inu nonse a komiti yathu yoteteza ana,

Munandituma ku msonkhano wa kuboma uja, ndiye nazi zomwe ndabwera nazo. Kunali a ofesi ya zachisamaliro cha anthu, apolisi a Victim Support Unit (nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza), a zaumoyo, a zamaphunziro, majisitireti komanso oyang'anira nyumba zosungirako ana amasiye. Nkhani inali yoti mwana akachoka m'manja mwa makolo ake, udindo womusamala umagwera ndani.

Majisitireti anayamba ndi lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Wapolisi, wa zachisamaliro, mfumu, ngakhale munthu wamba ngati ife, akaona mwana ali pachiopsezo atha kumutenga n'kumusunga pamalo otetezeka, koma mwanayo akaonekere ku khothi la ana pasanathe maola 48. A Gulupu, apa pakutikhudza: chizolowezi chathu chosunga mwana wothawa nkhanza mwezi wathunthu aboma osadziwa, ngakhale timachita mwachifundo, chikusemphana ndi lamulo. Khothi ndi lomwe limagamula ngati mwanayo apite kwa achibale, kwa banja lina lomulera, kapena kunyumba yosungirako ana. Anatikumbutsanso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

A zaumoyo anafotokoza za Chikwanekwane, monga wa kuchipatala cha Queens ku Blantyre, komwe namwino, wapolisi ndi wa zachisamaliro amapezeka malo amodzi kuti mwana wogwiriridwa asamabwereze nkhani yake khomo ndi khomo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, choncho musayambe ndi kukambirana ndi ankhoswe kapena amalume. Kuchipatala kaye.

Pomwe panavuta ndi pa ana obwezeredwa kumudzi. Boma likufuna kuti ana a m'nyumba zosungirako ana, omwe ambiri ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo, azibwerera kwawo. Ine ndikugwirizana nazo, koma kagawidwe ka ntchito kake ndi kamene sikanandikhutiritse. Oyang'anira nyumba amati mwana akatuluka pageti mbali yawo yatha. Asukulu amati sangamulembe opanda kalata yochokera kusukulu yomwe anali. A zachisamaliro, omwe amasunga fayilo ya mwanayo, anavomera okha kuti galimoto ndi mafuta zimasowa, moti kukamuyendera kumachedwa. Anationetsa fomu yotumizira mwana kuchoka ku ofesi ina kupita ku ina. Pansi pake pali gawo loti wolandira alembe zomwe wachita n'kubweza. Atafunsa amene analandirapo gawo limenelo litadzazidwa, anthu anangoyang'anizana. Za achinyamata otuluka m'nyumbazi atakwanitsa zaka 18, opanda munda kapena luso la ntchito, anangozikhudza pamwamba nthawi itatha, ndipo zinandiwawa.

Ife atipempha kuti tizilemba m'kaundula mwana aliyense wobwezeredwa m'midzi yathu, tizimuyendera, tione ngati akupita kusukulu ndi kudya, kenako tidziwitse wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lino. Ndalama ya ntchitoyi sanalonjeze, ndinafunsa. Pamsonkhano wathu wotsatira tisankhe anthu awiri osunga kaundulayu, mwamuna ndi mkazi, ndipo alembi alembe nambala ya foni yaulere ya 116, yonenerako nkhanza zochitikira ana, pa bolodi la kusukulu ya mkombaphala.