Lipoti la msonkhano wa amakaniko ku Blantyre: nkhani ya breather ya malole athu

A Tcheyamani, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Blantyre komwe munandituma. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a Mlembi, ndipo wofuna kuwaona akawaone, chifukwa ndamva kuti pa Chitakale pakuyenda mawu oti ndinapita kukadya ndalama za gulu.

Zotsegulira zinali zolankhula zaulemu basi. Kenako kunabwera za inshuwalansi ndi za COF, zomwe nonse mumazidziwa kale. Za kasungidwe ka mabuku a pagalaja ndabweretsa mapepala, a Msungichuma awerenge.

Chimene chinandikhalitsa tsonga ndi phunziro la breather, potulukira mpweya wa mkati mwa injini. Tonse timaiona payipi ija imalendewera pambali pa injini ya Canter kapena Isuzu yakale, kumatulutsa utsi woyera ndi kumadontha oyilo. Dizilo akamayaka pamwamba pa pisitoni, mpweya wina umazembera m'mbali mwa maring'i a pisitoniyo n'kutsikira ku sampu, mosungira oyilo pansi pa injini. Ukasowa potulukira umakankha masiilo, umadzutsa dipstick (ndodo yoyezera oyilo), umatulutsa oyilo pagasiketi ya pamwamba. Ena mwa ife takhala tikusintha siilo ya kumbuyo kwa crankshaft mobwerezabwereza, kutsitsa giyabokosi ulendo uliwonse, pomwe vuto ndi breather yotsekeka ndi matope a ku Thekerani.

Mphunzitsi wake, bambo wachikulire wa manja akuda ngati athuwa, sanatitayitse nthawi ndi bolodi. Anatitengera panja pa Canter ya injini ya 4D34, n'kumangapo kachitini kosefa oyilo ka kampani ya Mann+Hummel kotchedwa ProVent 200, komwe kamatha kulandira malita 200 a mpweya pa mphindi. Payipi yochokera pa breather imalowa m'kachitiniko, fyuluta ya mkati imagwira timadontho ta oyilo, oyiloyo amatsika kubwerera ku sampu, ndipo mpweya wotsala umakalowa pakati pa fyuluta ya mpweya ndi turbo kuti ukapsere mu injini. Pansi sipadonthanso kanthu.

Anatsindika kuti kachitini kaime chilili, pamalo okwera kuposa pomwe oyilo amalekezera mu sampu, apo ayi oyilo satsika. Payipi yobwezera oyilo ikhale ndi check valve kuti mpweya wa mu sampu usakwerere mmenemo. Mapayipi akhale opirira oyilo, asapindike, ndipo asachepe kuposa payipi yoyambayo. Apa anandiyang'ana ine ngati akudziwa kuti kwathu kuno payipi yothirira dimba imalowa paliponse. Anatipatsira ina yamadzi yomwe wina anamangirira pa lole yake: inali itafufuma, yonata, ndipo nditaifinya ndi zala ziwiri inamatirirana osabwereranso.

Koma chinandisangalatsa koposa n'chosagula. Anatenga payipi yoonekera mkati, naipinda ngati U, nathiramo madzi, mbali imodzi n'kulumikiza pa dipstick. Injini ikamalira mpweya wa mu sampu umasuntha madzi aja, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizo ukuyeza ndi rula wa mwana wasukulu, n'kuyerekeza ndi zomwe buku la injiniyo likunena. Ife timangotsegula chotsekera oyilo n'kuchiika chozondoka kuti tione ngati chikuvina. Njira imeneyo si yoipa, koma siikuuza ngati injini ya chaka chino yaipa kuposa chaka chatha.

Tsono pomaliza anthu anagwirizana kuti magulu onse onyamula zakudya alimbikitse mamembala kumanga kachitini ka ProVent kaja, ndipo agulire pamodzi kuti mtengo utsike. Ine dzanja ndinakweza nawo, poti maganizo ake ndi abwino. Lole ikaima pashedi yogulira tiyi n'kumadontheza oyilo pomwe alimi amatula matumba a masamba, tsiku lina a fakitale adzatibweza ndi katundu yense. Koma kugulira lole iliyonse nthawi imodzi, ayi, pamenepo sindikuvomereza, ndipo ndinanena komweko.

Chifukwa chake n'chakuti kachitini sikachiza maring'i otha. Injini yotheratu imatulutsa mpweya wambiri kuposa womwe fyuluta ingathe kusefa, ndiye oyilo uja m'malo modonthera pansi amadzaza intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo), kenako kulowa m'masilinda. Injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wake womwe n'kumathamanga yokha. Kiyi uzimitse, iyo osamva, mpaka utatseka polowera mpweya ndi thabwa, osati ndi dzanja, kapena kuikakamiza kuzima pa giya yaikulu utaponda mabuleki. Taganizani zimenezo zikuchitikira pamtsetse wa ku Thyolo mutasenza nthochi za ku Masambanjati. Malole athu angati amene akupuma kale ngati mbaula ya nkhuni zaziwisi? Musandiyankhe pano, eni ake akudzidziwa.

Ndipo maring'iwo amatha ndi chiyani? Fumbi. Nkhani ya mafyuluta a mpweya ndinaibweretsa m'gulu muno dzinja lisanayambe, kuti tigule katoni imodzi tizigawana. Munati ndalama palibe. Patangopita masabata ochepa ndalama ya mayunifolomu a komiti inapezeka. Mpaka lero anyamata akumenyetsa fyuluta patayala n'kuibwezeramo, ina yobooka yoti kuwala kwa tochi kumadutsa. Sindikunyoza munthu, a Tcheyamani, koma tikakamba za ProVent tisanakambe zimenezi tikhala tikudzinamiza. Pomwepanso, sipanala ya gulu yoyezera kulimba kwa mabawuti inabwerekedwa mwezi wa Malichi ndipo siinabwerere m'bokosi. Amene ali nayo akudziwa kuti popanda iyo ntchito ya maring'i sitingaigwire bwino.

Ena adzati zipangizo za kunja masiku ano n'zodula, ndalama zakunja zikusowa, ndipo fyuluta ya m'kachitinimo imafunanso kusintha ikadzaza. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha kuti tiyambe ndi kuyeza. Loweruka likubwerali aliyense abweretse lole yake kugalaja, payipi ndi rula ndibweretsa ndine, zotsatira tilembe m'kaundula. Za injini zabwino tisankhepo ziwiri zonyamula masamba tiyesere, nyengo yothyola tiyi wambiri isanafike mu Disembala. Zotopa zija zidikire maring'i, breather yake tingoitsuka n'kuisiya yotsegula.

A Msungichuma, gawo lotsala la alawansi yanga sindinalandirebe, ndipo ulendo wobwerera kuchokera ku Limbe ndinalipira za m'thumba mwanga. Lisiti lake lili pamodzi ndi enawo.