Kodi ndikawauze kuti ndinkagulitsa kaunjika?

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 23, ndimakhala ku Ndirande mumzinda wa Blantyre pamodzi ndi mayi anga komanso ang'ono anga awiri. Mayeso a MSCE ndinalemba mu 2021 ndipo ndinakhoza, kungoti Chingerezi sichinandiyendere bwino kwenikweni. Ndalama zoti ndipitirize sukulu panalibe, bambo anatisiya kalekale.

Lachinayi sabata yamawa andiitana ku intaviyu pa sitolo ina yaikulu ya zovala m'tauni. Akufuna anthu othandiza makasitomala pa nyengo ya Khirisimasi, ndipo amene anandiimbira foniwo anati ogwira bwino ntchito akhoza kudzawasunga mpaka chaka chamawa. Foniyo inandipeza ndili pa mzere wa madzi, chidebe chili m'manja. Ndinasangalala kwambiri, koma usiku wake tulo sindinatione. Pali nkhani imene ikundivutitsa mumtima, n'chifukwa chake ndakulemberani.

Kuyambira ndili Fomu 2 ndinkathandiza mayi anga kugulitsa kaunjika pa msika wa Ndirande. Belo tinkakatenga ku Limbe m'mamawa. Tikamatsegula, ine ndinkasankha, za nambala wani mbali yake, zapakati mbali yake, zong'ambika pang'ono n'kuziika padera kuti tikasoketse kwa atelala. Usiku ndinkasita ndi simbi yamakala madiresi ndi mabulauzi abwinowo kuti mawa lake tikakoleke pa hang'ala, chifukwa chovala chokolekedwa chimagulidwa pa mtengo wabwino kuposa chija chili pa mulu. Geni imeneyi ndi imene inatilera. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo unakwera moti mpamba wa mayi sunathenso kufikira. Tinayesa kusonkherana ndi amayi ena awiri n'kumagawana belo limodzi, koma phindu linali lochepa, ndipo chaka chotsatira tinasiya. Panopa mayi amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pakhomo.

Azakhali, kugulitsa zovala ndimakudziwa. Mayi aliyense wogula akangoima patsogolo panga ndimadziwa sayizi yake asanatsegule pakamwa. Pa msika palibe chipinda choyezera, ndiye munthu wofuna jinzi ndinkamuuza kuti azungulize chiuno cha jinziyo m'khosi mwake, ikakumana kumbuyo ndiye kuti imukwana. Ndimadziwa kusiyanitsa munthu wongoyang'ana ndi munthu amene wabwera ndi ndalama m'chitenje koma akuchita manyazi kufunsa mtengo. Ndimadziwanso kuti bambo wogulira mkazi wake diresi safuna kumufunsa zambiri, umangomufunsa kuti mayiwo amatalika bwanji poyerekeza ndi iwe, n'kumuonetsa ziwiri zokha. Ndalama ndinkasunga ndine, za m'manja ndi za Airtel Money ndi Mpamba, ndipo madzulo ndinkalemba zonse m'kope. Pa zaka zonsezo mayi sanandifunsepo za ndalama yosowa. Akuba a pa msika, aja amabwera awiri wina n'kumakutangwanitsa ndi mafunso, ndimawazindikira akadali patali.

Vuto ndi lakuti chaka chatha ndinapitanso ku intaviyu ina yotere pa sitolo ina, ndipo zinandikanika. Anali anthu atatu kuseri kwa tebulo. Mayi wina anandifunsa m'Chingerezi kuti ndifotokoze za ine. Mawu amene ndinaloweza kunyumba onse anathawa, lilime linauma. Kenaka anafunsa ngati ndinagwirapo ntchito yogulitsa zovala, ine n'kuyankha kuti inde, kaunjika. Bambo amene anali kumapeto anamwetulira, n'kulemba kanthu pa pepala. Sanandifunsenso za zimenezo. Anangondipatsa shati yachimuna kuti ndiyerekeze kuigulitsa kwa bamboyo. Ine amene ndagulitsa mashati osawerengeka ndinangoima nayo m'manja, n'kunena kuti ndi yokongola, basi. Anati adzandiimbira, mpaka lero. Ndili mu minibasi pobwerera misozi inkangotuluka yokha. Mpaka pano sindidziwa ngati chinandigwetsa chinali Chingerezi kapena mawu aja akuti kaunjika, koma kumwetulira kuja sindikuiwala.

Tsopano msuweni wanga, amene amagwira ntchito m'tauni ndipo amadziwa zambiri kuposa ine, akuti ulendo uno ndisayerekeze kutchula za msika. Akuti a masitolo akuluakulu amaona ngati munthu wa kaunjika ndi wa phokoso, wozolowera kukuwa ndi kunenerera mitengo, pamene kwawoko mtengo ndi wolembedwa kale ndipo zonse zimadutsa pa makina. Iye ali ndi mnzake wa kasitolo ka zovala zatsopano, ndipo mnzakeyo wavomera kundilembera kalata yonena kuti ndinagwira ntchito kwa iye zaka ziwiri. Akuti aliyense amatero, ndipo palibe amene amafufuza. Ndikudziwa kuti akundifunira zabwino, ndi iyeyo amene anandipatsa ndalama yosindikizira CV.

Mayi anga atamva anangoti, "Mwana wanga, kaunjika ameneyu ndiye wakulipirira fizi. Ukuchita naye manyazi lero?" Mawu amenewa anandilasa. Sindichita nawo manyazi mayi anga ngakhale pang'ono. Koma ndikaona mng'ono wanga amene ali Fomu 3 akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndimaganiza kuti mwina bodza limodzi silingaphe munthu. Kenaka ndimaopanso. Bwanji akadzandiika pa makina olandirira ndalama tsiku loyamba poganiza kuti ndimawadziwa? Sindinagwirepo makina amenewo chibadwire. Bwanji akaimbira mwini kasitoloko n'kumufunsa zinthu zimene sitinagwirizane? Ndipo ine ndikamanama mawu amanjenjemera, aliyense amaona.

Ndiye funso langa lalikulu ndi limeneli, Azakhali: ndikanene zoona, kapena nditenge kalata ija? Ngati ndi zoona, ndikazinene bwanji kuti anthu aja akaone zimene ndimadziwa, osangomva mawu akuti kaunjika n'kutseka makutu? Kodi kope lija ndinkalembamo malonda ndingalitenge kukawaonetsa, kapena akandiseka? Likadalipo, lili ndi masiku ndi mitengo yonse, ngakhale chikuto chake chinada ndi fumbi la pa msika.

Za Chingerezi nazonso ndithandizeni. Kumva ndimamva bwinobwino, kuwerenganso ndimawerenga, koma ndikachita mantha mawu amasowa. Kodi n'kulakwa kupempha kuti funso lina ndiyankhe m'Chichewa? Ndikalowa m'masitolo amenewa ndimamva ogulitsa akulankhula Chichewa ndi makasitomala ambiri, ndiye ndimadabwa kuti bwanji pa intaviyu pokha chimakhala ngati choletsedwa. Ndikudziwa kuti akanandilola kugulitsa shati ija m'chilankhulo changa, bambo uja akanaigula. Masiku ano ndikumayeserera madzulo ndi mng'ono wanga, iye amakhala bwana ine wofunsira ntchito, koma pamaso pa mng'ono wako suopa.

Pali kankhani kenanso. Mnzanga wina anagwirapo ntchito ya nyengo ngati yomweyi pa sitolo ina, miyezi iwiri osasaina pepala lililonse, ndipo pomaliza anamudula ndalama ati chifukwa katundu anasowa m'sitolo. Kodi ndi mwano kufunsa pa intaviyu kuti malipiro ndi zingati, tiziweruka nthawi yanji, komanso ngati padzakhale kalata ya mgwirizano? Ndikufunsa chifukwa minibasi yopita ndi yobwera tsiku lililonse imadya ndalama, ndipo kulowa m'Ndirande usiku wekha mtsikana si nkhani yamasewera. Msuweni wanga akuti ndikangofunsa za ndalama ndiye kuti ntchito ndaitaya.

Chovala ndapeza kale. Ndi siketi yakuda ndi bulauzi yoyera zimene ndinadzisungira pa belo lathu lomaliza, mayi azichapa ndipo zili pa hang'ala kuseri kwa chitseko. Msuweni akufuna ndimuyankhe za kalata ija pofika Lolemba kuti mnzakeyo ayambe kulemba. Chonde ndiyankheni tsikulo lisanafike.

Ine mwana wanu,
Wodandaula, Ndirande