Laisensi timalipira tonse, nanga nyimbo za jazz aziyikiranji pakati pa usiku?

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene imatigawa ife Amalawi okhala kuno ku Britain tikakumana pambuyo pa mapemphero a Lamulungu, pamene macheza amathera pa za ndalama. Nkhani yake ndi ya laisensi ya kanema, imene mu Epulo 2025 inafika pa £174.50 pachaka, komanso zimene BBC imachita ndi ndalamazo. Anzanga ambiri sadandaula za mapulogalamu a nkhani kapena a mpira, koma akamva kuti gawo lina limapita ku Radio 3, wailesi imene tsiku lonse imaulutsa nyimbo za classical ndi za jazz pang'ono, amapukusa mutu n'kunena kuti tikulipirira zosangalatsa za azungu olemera. Ine ndakhala ndikumvera wailesiyi kwa zaka zingapo, ndipo maganizo amenewo ndikuwatsutsa, ngakhale kuti nanenso ndili ndi dandaulo langa pa momwe wailesiyo imagawira nthawi yake.

Sindinakule ndi nyimbo zimenezi. Ndinazidziwira ku ntchito. Ndimagwira shifiti ya usiku panyumba ina yosamalira okalamba kumpoto kwa England, ndipo m'chipinda china munkakhala agogo ena aamuna amene matenda oiwalaiwala anali atawalanda ngakhale mayina a ana awo. Abale awo anatipempha chinthu chimodzi chokha, kuti kawailesi kamene kanali pambali pa bedi tisamakazimitse ndiponso tisamasinthe siteshoni. Tsiku lina ndinalowa ndi kapu ya tiyi cha m'ma 8 koloko madzulo, kunja kukadawala monga kumachitira kuno nyengo yotentha, ndipo ndinawapeza atakweza dzanja lamanja, chala chikutsika ndi kukwera motsatira zida zimene zinkalira pa wailesiyo. Ndinaika tiyi patebulo, ndikuti ndidikire nyimbo ithe kapena alowetse uthenga wamalonda kuti ndiwamwetse. Uthengawo sunabwere. Ndinapita kukaona zipinda zina n'kubwerako kawiri, nyimbo ili yomweyo, ikutsika mpaka kumveka ngati yatha, wina m'holomo n'kutsokomola, kenaka n'kuyambanso mbali ina. Pamene kwaya inalowa chakumapeto, tiyi anali atazizira kalekale, agogo aja misozi ili m'masaya. Muulutsi atayankhula m'pamene ndinadziwa kuti inali symphony yachisanu ndi chinayi ya Beethoven, imene inaimbidwa koyamba ku Vienna mu 1824 mwini wake atagontha kale, ndipo kutalika kwake kumapitirira ola lathunthu.

Ola limenelo, lopanda woliduladula, ndilo laisensi imagula. Wailesi yodalira malonda singathe kulipereka tsiku ndi tsiku, osati chifukwa eni ake ndi oipa mtima, koma chifukwa otsatsa malonda ndiwo amalipira magetsi ndi malipiro a antchito. Classic FM, wailesi ya malonda ya nyimbo za classical imene inayamba mu 1992, ili ndi omvera ambiri kuposa Radio 3, ndipo sindikuinyoza, koma kawirikawiri imatapa chigawo chimodzi chokoma cha nyimbo yaitali n'kupita ku malonda. Aliyense amene anamverapo nthano kwa agogo ake akudziwa kuti pakati pa nthano pamakhala kanyimbo kamene ana onse amavomereza, ndipo kanyimboko kamakoma chifukwa cha zimene zachitika m'nthanomo kasanafike. Munthu angathe kukaimba pakokha, inde, koma sanganene kuti wamva nthano. Za jazz ndiye umboni wake ngwowawa kwambiri. Jazz FM inatsegulidwa ku London mu 1990, koma pofunafuna omvera ochuluka inkasungunula nyimbo zake pang'onopang'ono, mpaka mu 2005 dzina lenilenilo linachotsedwa, siteshoniyo n'kusanduka Smooth FM. Dzinalo linabwereranso mu 2008 pa wailesi za digital, koma aliyense anaona chimene msika umachita ndi nyimbo zimene omvera ake ndi ochepa.

Chimene anzanga sachiona n'chakuti ndalamazi sizingogula malekodi a anthu amene anamwalira kalekale. BBC imalemba ntchito oimba amoyo, a mabanja ndi lendi ngati ife. Ili ndi magulu asanu a orchestra, awiri ku London, lina ku Salford, lina ku Glasgow ndi lina ku Cardiff, kuphatikizapo kwaya ya BBC Singers, ya anthu pafupifupi 20 amene ntchito yawo yolipidwa ndi kuimba basi. M'mwezi wa Malichi 2023 akuluakulu a BBC analengeza kuti kwayayo aithetsa, kutangotsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100, ndiponso kuti achepetsa ndi 20 peresenti malo a ntchito zokhazikika m'magulu atatu a orchestra a ku England. Anthu anaima nji. Makwaya, otsogolera magulu oimba ndi omvera wamba analemba makalata ndi kusayina zikalata zodandaula, ndipo mwezi womwewo usanathe chigamulo chothetsa kwayayo chinaimitsidwa. Mu 2024 panapezeka mgwirizano ndi bungwe la VOCES8 Foundation woti kwayayo ipitirire. Ndatchula nkhaniyi chifukwa inandionetsa kusiyana kwa wailesi yoyendetsedwa ndi ndalama za anthu ndi wailesi ya munthu mmodzi: yoyambayo ikalakwitsa, olipira ali ndi poyambira kuidzudzula, ndipo nthawi zina imamva.

Mawu oti ndi za olemera nawonso sagwirizana ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Makonsati a Proms, amene anayamba mu 1895 ndipo BBC inayamba kuwayendetsa mu 1927, amachitika milungu isanu ndi itatu chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Royal Albert Hall, ndipo onse amaulutsidwa pa Radio 3. Ndinapitako kamodzi ndili pa tchuthi. Tikiti yoimirira inali yosakwana £10, ndipo ife oimirira ndife tinali pafupi kwambiri ndi oimba, kutsogolo kwa amene analipira mipando yodula, moti ndinkamva mayi woimba vayolini akukoka mpweya asanayambe. Amene sangakwanitse ulendo wa ku London amamvera ali kukhitchini kwake osalipira kanthu, popeza laisensi ya wailesi yokha inathetsedwa mu 1971, ndipo imene ilipo lero ndi ya kanema.

Nanga mawu oti ndi za azungu? Apa ndimadabwa, chifukwa amene amanena zimenezi ndi omwewo amene anakulira m'kwaya, akuphunzira mawu anayi, soprano, alto, tenor ndi bass, aphunzitsi a kwaya atalemba d r m f s pa bolodi ndi choko. Ndi makwaya angati kwathu amene anatuluka thukuta pophunzira Haleluya wa Handel kuti akamuimbe pa Khirisimasi kapena pa Pasaka? Nyimbo imeneyo ndi kachigawo ka ntchito yaitali imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ndipo ambiri a ife tinaimba kachigawoko osamvapo zotsalazo. Amene anakulira mu mpingo wa Anglican, kaya ku Likoma kaya ku Nkhotakota, akatsegula Radio 3 Lachitatu masana adzapeza Choral Evensong, mapemphero amadzulo oimbidwa, okhala ndi masalimo, nyimbo ya Maria ndi ya Simeoni, amene BBC yakhala ikuulutsa kuyambira pa 7 Okutobala 1926. Ndiponso oimba ake si a khungu limodzi. Samuel Coleridge-Taylor, wopeka nyimbo amene anabadwira ku London mu 1875, bambo ake anali a ku Sierra Leone. Sheku Kanneh-Mason wa ku Nottingham, woimba cello, anapambana mpikisano wa BBC Young Musician mu 2016. Abel Selaocoe, wochokera ku Sebokeng ku South Africa, amaimba chida chomwecho kwinaku akuyimba ndi pakamwa m'zilankhulo za kwawo, ndipo anaimbapo ku Proms.

Tsopano ndifike pa dandaulo langa, limene ndi la jazz. Radio 3 inachokera ku Third Programme, imene inayamba pa 29 Seputembala 1946 n'kutenga dzina latsopanoli mu 1967, ndipo kwa zaka zambirimbiri yakhala ikunena kuti nyimbo za jazz nazo ndi za pakhomo pake. Pulogalamu ya Jazz Record Requests yakhalapo kuyambira Disembala 1964, pamene Humphrey Lyttelton anaiyambitsa, ndipo kuyambira 2012 amaiulutsa ndi Alyn Shipton. Ndimaikonda chifukwa imandikumbutsa mapulogalamu opempha nyimbo amene tinakula nawo kwathu: womvera amalemba kalata, n'kufotokoza kuti nyimbo yakutiyakuti anaimva koyamba ndi malemu akazi ake m'chaka chakuti, muulutsi n'kuiika. Koma ola limodzi pamlungu ndi chakudya cha mlendo, osati cha mwana wa pakhomo. Mu 2019 wailesiyi inachotsa pulogalamu ya Jazz Now, n'kuchepetsa Late Junction kuchoka pa masiku atatu pamlungu kufika pa tsiku limodzi, ndipo oimba mazanamazana anasayina kalata yodandaula. Mu Epulo 2024 kunabwera 'Round Midnight, pulogalamu ya jazz ya Lolemba mpaka Lachisanu imene amaiulutsa ndi Soweto Kinch, woimba saxophone amene ngakhale dzina lake likumveka la ku Johannesburg anabadwira ku London n'kukulira ku Birmingham. Pulogalamuyo ndi yabwino kwambiri, ndipo imapereka mpata kwa oimba achinyamata a kuno. Vuto lake ndi nthawi, chifukwa imayamba 11.30 usiku.

Ine nthawi imeneyo imandikomera, sindibisa, popeza ndimakhala nditamaliza kugoneka okalamba ndipo ndimamvera chapansipansi ndikulemba malipoti a usikuwo. Koma ndikaganiza za woyendetsa basi amene amadzuka 4 koloko mbandakucha, kapena mwana wa sekondale amene akuphunzira lipenga, ndimaona kuti pulogalamuyo aibisa. Akuluakulu a wailesi angayankhe kuti aliyense angathe kuimvera pambuyo pake pa BBC Sounds, ndipo zimenezo n'zoona, koma pa intaneti munthu amafufuza chimene akuchidziwa kale. Ine Beethoven sindinamufufuze, ndinamupeza akulira m'chipinda cha wodwala pa nthawi imene anthu ali maso. Ngati nyimbo za classical zili ndi m'mawa, masana ndi madzulo onse, ndiye kuti mwana wa ku Leeds kapena ku Leicester angathe kuzipeza mwangozi monga ndinachitira ine, pamene za jazz sangazipeze pokhapokha wina atamulozera.

Chamba chimenechi n'chimene ife ochokera kum'mwera kwa Africa tili nacho pafupi kwambiri, ndipo mbiri ya jazz ya ku Britain singafotokozedwe popanda anthu a dera lathu. Gulu la Blue Notes, la Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani ndi Louis Moholo, linachoka ku South Africa mu 1964 chifukwa malamulo a tsankho sankalola akuda ndi azungu kuimbira pamodzi momasuka, ndipo litafika ku London mu 1965 linasintha maimbidwe a anyamata a kuno. Kwathu nako liwu loti jazz silachilendo. Ana a Kachamba, Daniel ndi Donald a ku Chileka, ankaimba kwela ndi gitala, kachitoliro ka chitsulo ndi besi ya chingwe chimodzi, ndipo katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawajambula ndi kulemba za iwo kuyambira mu 1967. Alan Namoko gulu lake ankalitcha Chimvu Jazz Band. Wina anganene kuti jazz ya banjo ya ku Thyolo ndi yosiyana ndi ya ku New York, ndipo sindingakane, koma khutu limene linazolowera woimba akusiya njira ya nyimbo n'kuyamba kupeka zake pomwepo, anzake akumugwirira kumbuyo, silivutika kumva chimene woimba saxophone akuchita.

Chikalata chimene chimapatsa BBC mphamvu zogwirira ntchito chitha pa 31 Disembala 2027, ndipo mkangano wa momwe bungweli lizipezera ndalama pambuyo pake uli mkati. Pa mikangano yotere, zimene zili ndi omvera ochepa ndizo zimayamba kudulidwa, monga tinaonera ndi kwaya ija. Pempho langa kwa Amalawi anzanga amene amalipira laisensi n'lakuti asanaweruze atsegule wailesiyo madzulo amodzi, amvere nyimbo imodzi kuyambira poyamba mpaka anthu aombe m'manja. Kwa oyendetsa Radio 3 ndalemba kale kalata, ndipo ndikubwereza pano: magulu oimba asawakhudze, nyimbo zazitali aziimalize, ndipo apatule madzulo amodzi pamlungu, cha m'ma 7.30, pa nthawi imene amaulutsa makonsati a orchestra, kuti aulutse konsati yathunthu ya jazz kuchokera m'malo oimbira a ku Manchester, Birmingham kapena London.

Ndine wanu,
Wosamalira okalamba, West Yorkshire