Tibwezereni foni zochotsa batire

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo foni ndiye khasu langa: makasitomala amandiimbira pomwepo, ndalama zimaloweranso momwemo.

Foni yanga yakale ndinkangoitsegula kumsana ndi chikhadabo. Batire yachiwiri inkakhala m'kachikwama ka ndalama. Magetsi akazima kwathu ku Ndirande, ndinkangosintha basi, malonda nkumayenda.

Chaka chatha ndidagula yatsopano, ya batire yomatira mkati. Sindinama, mvula itandipeza podikira minibasi, foniyo siidalowe madzi. Koma mabatire a lithium amafooka akamatchajidwa kawirikawiri, makamaka akamawombedwa ndi dzuwa ngati la pamsika. Yanga idatupa mpaka kutukula galasi. Wokonza mafoni adachita kuiwotcha ndi kamakina kouzira mpweya wotentha kuti guluu afewe, ine mtima uli m'malere poopa kuti galasi lisweka. Masiku awiri ndidakhala wopanda foni, maoda atatu nkundidutsa.

Mu 2023 bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union lidakhazikitsa lamulo loti kuyambira 2027, mabatire a zipangizo zambiri azitheka kusinthidwa ndi eni ake. Nanga ife amene foni imodzi timakhala nayo mpaka itatheratu? Eni mashopu a mafoni mu Blantyre muno, chonde tioderenikoni zoterozo.

Mayi wa kaunjika,
Ndirande, Blantyre