Lipoti la ulendo wa ku Mauritius: mipando ya olephera ndi nkhani yathu ya kutsidya kwa mtsinje

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a mgwirizano wathu,

Ndabwerako bwino ku Mauritius kumene munandituma ku msonkhano wa mabungwe oona za ulamuliro wabwino m'maiko a SADC. Lipotili ndaliika pagulu lathu la WhatsApp kuti aliyense awerenge yekha, chifukwa zandipeza zoti ena akumanena kuti ndinapita kukasambira kunyanja ndi ndalama za gulu. Nyanjayo ndinaiona ndithu, koma pawindo la basi, pakati pa minda ya nzimbe, pochoka pabwalo la ndege kupita ku Port Louis.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka. Phunziro la kalondolondo wa bajeti ndi lomwe lija timaphunzira ku Mponela, anangosintha zithunzi. Panalinso gawo la kalembedwe ka malipoti opita kwa otithandiza, ndipo mapepala ake ndawasiya kwa a Mlembi. Zimene ndikufuna mumve bwino ndi za tsiku limene anatifotokozera momwe boma la pachilumbapo limayendera.

Mauritius ndi dziko laling'ono, la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni. Linalandira ufulu kuchoka kwa Angerezi pa 12 Malichi 1968, ndipo linakhala ripabuliki pa 12 Malichi 1992. Pulezidenti alipo, koma anthu samuvotera. Amasankhidwa ndi aphungu, Nduna Yaikulu ikatchula dzina, ndipo ntchito yake ili ngati ya nkhoswe: kusaina, kulumbiritsa, kuona kuti malamulo aakulu akutsatidwa. Mphamvu zenizeni zili kwa Nduna Yaikulu, amene ndi phungu ngati anzake, ali ndi dera lake, ndipo amaimirira m'Nyumba ya Malamulo kuyankha mafunso a aphungu. Asilikali a nkhondo alibe. Chitetezo chonse chili pansi pa apolisi. Milandu ikavuta, apilo yomaliza imapitabe ku khoti la Privy Council ku London. Izi za ku London ine sizinandikomere, ngakhale loya wa komweko amene amatiphunzitsa anati zimalimbitsa mtima anthu obwera ndi chuma chawo kudzachita malonda.

Tsono pa masankho. Chilumba chachikulu chili ndi madera 20, ndipo dera lililonse limatumiza aphungu atatu. Chilumba cha Rodrigues chimatumiza awiri. Onse pamodzi 62. Anatipatsa chitsanzo cha pepala lovotera kuti tiligwire: mndandanda wautali wa mayina, chizindikiro cha chipani pambali pa dzina lililonse, ndipo wovota amayenera kuchonga atatu ndendende. Ukachonga awiri kapena anayi, voti yako yaonongeka. Mayi wina wa ku Zambia amene ndinakhala naye tebulo limodzi anafunsa ngati munthu angachonge mmodzi wa chipani ichi, awiri a chipani china. Anati amaloledwa, koma zipani zimakopa anthu kuti avotere atatu onse a mbali imodzi, ndipo ambiri amaterodi.

Zotsatira zake n'zimene zinandidzidzimutsa. Mu 1982, mu 1995, komanso pachisankho cha pa 10 Novembala 2024, mbali imodzi inatenga mipando yonse 60 ya pachilumba chachikulu. Mu 2024 mgwirizano wa a Navin Ramgoolam unasesa zonse, ndipo mgwirizano wa a Pravind Jugnauth, amene anali Nduna Yaikulu, sunapambane mpando ngakhale umodzi, chonsecho unapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo anayi. A Jugnauth eni ake anagwa m'dera lawo, ndipo anavomera kugonja kuwerenga mavoti kusanathe. Masiku ochepa chisankhocho chisanachitike, kunali kutachitika chinthu chonyansa: pa 1 Novembala boma linatseka Facebook, TikTok ndi masamba ena a mchezo chifukwa cha mafoni a akuluakulu amene anajambulidwa mobisa n'kumafalitsidwa. Anthu anakwiya, tsiku lotsatira anatsegula. Ndikunena izi kuti tisaganize kuti kumeneko kuli angelo.

Nanga otsutsa boma amachokera kuti ngati mbali imodzi yatenga zonse? Apa ndi pamene pali chinthu chimene chinandikhazika chete. Malamulo awo amasunga mipando ina yosapitirira 8 ya anthu amene alephera chisankho koma anapeza mavoti ochuluka kuposa olephera anzawo. Iwo amati best loser. A bungwe la zisankho akamaliza kuwerenga, amaona kuti mwa magulu anayi a anthu otchulidwa m'malamulo aakulu, Ahindu, Asilamu, a mtundu wa Chitchaina ndi gulu la ena onse, ndi liti limene lachepekedwa aphungu poyerekeza ndi kuchuluka kwake. Gulu lochepekedwalo amalipatsa mpando kudzera mwa wolephera wake wochita bwino. Mipando inayi yoyamba sayang'ana chipani; inayo amayang'ananso chipani kuti opambana asalandidwe chipambano chawo. Ndi mwa njira imeneyi mmene mgwirizano wa a Jugnauth unapezera aphungu awiri mu 2024, ndipo mmodzi wa iwo, a Joe Lesjongard, anakhala mtsogoleri wa otsutsa boma.

M'chipinda munagawanika. Achinyamata a komweko amadana nayo njirayi. Akuti munthu wofuna kuima pachisankho amakakamizika kudzilemba kuti ndi wa gulu liti, ndiye kuti lamulo lenilenilo likumukumbutsa mtundu wake. Chipani cha Rezistans ek Alternativ chinakadandaula ku komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu, ndipo mu 2012 komitiyo inagwirizana nacho. Chinanso choseketsa n'choti chiwerengero chimene amagawira mipandoyi ndi cha kalembera wa 1972, chifukwa kuchokera pamenepo boma linasiya kufunsa anthu gulu lawo. Akuluakulu ena anaikira kumbuyo njirayi, amvekere ndi imene inatonthoza magulu ang'onoang'ono pa nthawi ya ufulu, pamene kunali zipolowe za mitundu mu Port Louis kuchiyambi kwa 1968.

Atatigawa m'magulu kuti tilembe mfundo, gulu lathu linavomereza kuti maiko a SADC aphunzire njirayi. Ine ndinakana kuti liwu la mtundu lilowemo, ndipo ndinapempha kuti kukana kwanga kulembedwe. Kwathu kuno tsiku limene tidzauze munthu kuti alembe pafomu ya chisankho kuti ndi Mlomwe, Mtumbuka, Myao kapena Mchewa, tidzayatsa moto umene sitingauzime. Tonse tikukumbukira mmene nkhani ya kota posankha ana opita ku yunivesite inatidanitsira. Koma maganizo akuti wolephera amene ali ndi anthu ambiri kumbuyo kwake asatayidwe kunja, amenewo ndi abwino, ndipo sindikuwanenera dziko lokha.

A Wapampando, mundikhululukire, ndiyenera kuilowetsa pano. Pachisankho chathu chapitachi, mipando yonse ya komiti inapita kwa anthu a kuno kuboma. Anzathu a kutsidya kwa mtsinje, amene amasonkha chimodzimodzi ndipo amabwera pa njinga ngakhale nthawi ya dzinja, alibe munthu ndi mmodzi yemwe m'komiti. Bambo amene anawaimira anaperewera pang'ono chabe. Kalata yawo yodandaula inawerengedwa, tinati tidzaiona pamsonkhano wotsatira, ndipo mpaka lero ili m'faelo. Kenako timadabwa kuti pamsonkhano wa kumudzi sakutisonkhanitsira anthu. Ena mumati chisankho ndi chisankho, wagwa wagwa. Chabwino, koma dziko lathunthu lokhala ndi maloya ndi makhoti linaona kuti mawu amenewo sakwanira. Ine ndikupempha kuti tisinthe malamulo athu, tiike mipando iwiri ya zoni imene yatsala yopanda woiimira, ndipo ipite kwa amene anapeza mavoti ambiri mwa olephera a zoni imeneyo. Tiyang'ane dera, osati mtundu kapena mpingo. Amene akuti ndikunena izi chifukwa ndinakwatira kutsidyako abwere adzanene pamaso panga.

Ndibwerere ku msonkhano. Nthumwi ya ku Rodrigues inatifotokozera kuti chilumba chawo, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kum'mawa, chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo kuyambira 2002, ndi mtsogoleri wotchedwa Chief Commissioner. Amayendetsa okha zinthu monga ulimi, usodzi ndi zokopa alendo, ngakhale ndalama zambiri zimachokerabe ku Port Louis, ndipo pamenepo ndi pamene amakanganirana. Ine maganizo anapita kwa abale athu a ku Likoma ndi Chizumulu, amene chilichonse amadikira sitima. Sindikuti Likoma ikhale ndi nyumba ya malamulo, koma amene mumalumpha mukangomva za kugawa mphamvu m'zigawo mudziwe kuti Mauritius sinang'ambike chifukwa cha Rodrigues.

Za makhonsolo anangodutsamo: a m'matauni alipo asanu, a m'maboma asanu ndi awiri, ndi a m'midzi 130. Ndinafuna kufunsa ngati aphungu awo amalimbirana ndi makhansala ndalama za chitukuko monga zimachitikira kuno ndi CDF, koma wotsogolera zokambirana anati nthawi yatha, tiyi akuzizira.

Chimene sindinachisirire n'chakuti udindo wa Nduna Yaikulu ulibe malire a zaka, ndipo kuyambira 1968 wakhala ukuzungulira m'mabanja awiri. Sir Seewoosagur Ramgoolam anayamba, mwana wawo Navin walamulira kangapo. Sir Anerood Jugnauth analamulira zaka zambiri, ndipo mu Januwale 2017 anasiyira mwana wawo Pravind popanda chisankho, pongoti ndiye anali mtsogoleri wa chipani chachikulu m'boma. Wa kunja kwa mabanja awiriwa ndi a Paul Bérenger okha, kuchokera 2003 kufika 2005. Pamenepa malire athu a matemu awiri a Pulezidenti ndi abwino kuposa zawo, ndipo ndinawauza choncho. Pa tebulo lathu anaseka, koma palibe anatsutsa. Kumbali ina, a Ameenah Gurib-Fakim, mayi woyamba kukhala Pulezidenti kumeneko, anatula pansi udindo mu 2018 pa nkhani yogulira zinthu zawo ndi khadi la kubanki la bungwe lina. Nkhani ya kukula kotero kuno tikanangoikambirana pawailesi sabata imodzi basi.

Tsiku lomaliza kunali kupereka masatifiketi ndi kujambulitsa.

Za ndalama: tikiti ya ndege ndi malo ogona analipira okonza msonkhano. Alawansi imene gulu linandipatsa inapita pa thiransipoti yopita ndi kuchokera ku Lilongwe, pogona usiku wodikira ndege, ndi chakudya cha madzulo, chimene sichinali pa pulogalamu. Kuti ikwane ndinkadya dholl puri wa m'mbali mwa msewu, chikondamoyo chopyapyala cha ufa wa nyemba chimene amakulungiramo ndiwo, pamene anzanga amapita kumalesitilanti. Theka la alawansiyo linandipeza ndili kale pabwalo la ndege, ndipo ndinayamba ndakongola kwa mlamu wanga. A Msungichuma adzafotokoza okha chimene chinachedwetsa. Malisiti onse ali mu envulopu kwa a Mlembi, kupatula a kabaza amene sapereka lisiti.

Ndikupempha kuti nkhani ya mipando iwiri ija ilowe pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu, ikhale yoyamba osati ya pa zina ndi zina, ndipo anzathu a kutsidya atumiziridwe uthenga nthawi ikadalipo kuti adzakhalepo.

Ine nthumwi yanu.