Madzi a m'ngalande ndiwo tikuthirira ndiwo zanu

Akonzi,

Ndine mlimi wa m'dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lunkhwakwa kuno ku Chipata. Repu ndi matimati amene amayi amagula pa msika wa Kapata, ena amachokera pa mabedi anga. Ndalemba chifukwa cha zimene ndinaona itagwa mvula ya chizimalupsa.

M'mawa mwake ndinatsika ndi kheni kukatunga monga mwa masiku onse. Pamwamba pa madzi panali kunyezimira ngati utawaleza, fungo lake la oyilo wa galimoto, ndipo kheni litauma m'kati munatsala zakuda zonanda m'manja. Ndinalondola ngalande chokwera mtunda mpaka pa galaja ina, dzina sinditchula, pamene anyamata amakhuthulira oyilo wakutha m'ngalande ya m'mbali mwa msewu. Nditafunsa, mmodzi anangoti, "Madala, mvula imatsuka." Imatsukadi, koma imatsukira kwa ine.

Chilimwe chonse zinthu zimenezi zimangounjikana: oyilo, sopo wa kotsukira magalimoto, matewera a ana, mabotolo. Mzinda wathu uli m'munsi mwa mapiri, Kanjala ndi anzake, ndiye mvula yoyamba ikangogwa madzi amatsika mwaliwiro n'kukokolola zonse tsiku limodzi. M'makomboni zimbudzi zokumba zimasefukira, nazonso n'kulowa momwemo.

Lamulo lilipo. Environmental Management Act ya 2011, imene inakhazikitsa ZEMA, bungwe la boma loyang'anira za chilengedwe muno m'Zambia, imaletsa kutayira zoipa m'madzi popanda laisensi, ndipo wopatsidwa laisensiyo amayenera kupima zimene akutulutsa n'kumapereka malipoti. Izi zimatheka pa fakitale, pamene pali paipi imodzi yoti munthu n'kuiloza ndi chala. Nanga ngalande ya mzinda, imene anthu mazanamazana amatayiramo, mwini wake ndani? Pamene ikulavulira mu mtsinje, amapima ndani?

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo tinavina. Pempho langa kwa a khonsolo ndi a ZEMA ndi lakuti akhale pansi awerenge malo onse amene ngalande zimathira mu Lunkhwakwa, aliwonse apatsidwe nambala, ndipo madzi azitengedwa m'mabotolo kukapimidwa mvula yoyamba ikangogwa. Kupima mu Juni, madzi atadikha mbee, n'kudzinamiza. Zotsatira zake zisakagone m'mafayilo. Zimatidwe pa msika m'Chinyanja, ziwerengedwenso pa wailesi, kuti ife othirira ndi amayi ochapa tidziwe sabata yoti tisakhudze madziwo. Magalaja nawo, pokatenga chilolezo cha bizinesi, aziyamba aonetsa mgolo wosungiramo oyilo wakutha ndi kumene amakautula. Mgolo si ndalama yoti munthu n'kulira nayo.

Sitinaiwale kuti kumayambiriro kwa 2024 masukulu m'dziko muno anachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale chifukwa cha kolera. Adzukulu anga anakhala pakhomo, ine ndikuwaletsa kusewera m'zithaphwi za m'ngalande yomweyi.

Mabedi awiri a repu amene madziwo anasefukiramo ndinazula n'kukwirira, sindikanatha kugulitsa zimene ine mwini sindingadye. Tsopano ndakumba kachitsime chapatali ndi mtsinje. Anzanga a kumunsi kwanga akutungabe pomwepo.

Mlimi wa m'dimba,
Chipata